Mabuku a Amulet ana atawawerenga dzinja lonse

Mabuku atatu oyamba a Amulet, nthano yazithunzi yomwe adalemba ndi kujambula Kazu Kibuishi, ndidawagula akale ku Lilongwe mvula isanagwe. Pano chimanga chauma, ndipo adutsa m'manja mwa ana anga awiri ndi anzawo a Sitandade 6 ndi 7 kuno ku Kamuzu Road, ku Salima.

Pogula, nkhawa yanga inali pa zilombo. Muli chinthu cha miyendo yambirimbiri chomwe chimameza mayi wa Emily ndi Navin m'chipinda chapansi pa nyumba yakale ya makolo awo, komanso mwala wovala m'khosi umene umamunong'oneza mtsikanayo zochita. Amayi ena akutchalitchi kwathu ataona mwalawo adandifunsa kuti, "Anzathu, chimenechi si chithumwa?" Koma ana omwe adakulira nkhani za afiti ouluka pa lichero sangatekeseke ndi chilombo chojambula. Adachita mantha usiku woyamba, kenako n'kuyamba kuchijambula okha kumapeto kwa makope.

Chowawa chenicheni chili m'masamba oyambirira. Galimoto imagwera kuphompho bambo ali momwemo, Emily akuona. Mawu ndi ochepa pamenepo, zithunzi zokha, n'chifukwa chake zimalasa. Mwana wina wamasiye yemwe amacheza ndi anga adatseka bukulo pomwepo, ndipo adadzalitenganso patapita nthawi, titakhala naye limodzi pakhonde. Ngati mwana wanu adaferedwa chaposachedwa, yambani mwawerenga nokha masamba amenewo.

Pa Chingerezi ndiye ndapindula. Ana athu amayamba kuphunzira m'chilankhulochi ku Sitandade 5, ndipo wamng'onoyo ankangoona tsamba lodzaza mawu n'kuyamba kuyasamula. Apa mawu akamuvuta, nkhope ya wolankhulayo imamuuza tanthauzo. Ulendo woyamba adangothamanga ndi zithunzi, koma pobwereza adayamba kuwerenga chilichonse, mpaka kumatsutsana ndi mkulu wake ngati mwalawo uli wabwino kapena wachinyengo. Amene amati awa ndi makatuni chabe akadamva mkangano umenewo.

Mapepala ake ndi osalala, ndipo chinyezi cha kunyanja kuno sichiwachitira chisoni. M'February masamba ena adamatana, chikuto cha buku loyamba chili pa selotepi. Tsopano amagona m'jumbo.

Dziwaninso kuti nthanoyi ndi ya mabuku 9, loyamba lidatuluka mu 2008, lomaliza mu 2024. Lachitatu likutha nkhani isanathe, ndiye ndikangoti ndikupita ku Lilongwe, ana samandituma zina ayi, koma lachinayi. Mpaka pano sindidalipeze.