Manyokola kapena Gomani, tidzale chiti kuno kwa anyani?

Anzanga olima m'munsi mwa phiri, cha ku Domasi ndi Malosa uko, funso ili mwandifunsa kambirimbiri ndiye ndingoyankha kamodzi. Ine ndalimapo zonse ziwiri, chinangwa chozizira cha Manyokola chija ena amati Mbundumali, ndi chowawa cha Gomani.

Kuwawa kuja sikungochitika mwangozi ayi, ndi mkondo wa chinangwacho. Chomera sichingathawe mbuzi ndiye chimadziteteza chili pompo. Mkati mwake muli mankhwala otchedwa linamarin, ndipo pambali pake chimasunga china chowasungunula, ziwirizi sizikumana bola osachigwira. Nyani akangoluma basi zasakanikirana, mukutuluka poizoni wa cyanide mkamwa momwemo. Manyokola naye ali nayo poizoniyu koma wambiri ali m'khungu ndi m'masamba, mkati ndi pang'ono, n'chifukwa chake timangosenda n'kumatafuna chachiwisi pa depoti osadwala. Gomani ndi thupi lonse. Akatswiri amati chozizira ndi chomwe sichipyola mamiligalamu 50 a poizoniyu pa kilo, chowawa chimatha kupitirira pamenepo kangapo.

Ndiye kumunda Gomani amawina, palibenso zokambirana. Anyani amazula phata limodzi n'kulawa n'kutaya, nguluwe ndi mfuko sizilimbikira, ndipo akuba amiyendo iwiri aja, amene kunena zoona ndi amene amatipweteka kuposa anyani, safuna chinthu choti akayambe kuviika masiku angapo anthu akuona. Mukhoza kuchisiya m'nthaka n'kumakumba pang'onopang'ono nthawi ya njala. Manyokola wanga wa chaka chatha ndinagawana ndi anyani pakati mpakati, mwana wolondera akangopita kokamwa madzi iwo atsika kale.

Koma pa ndalama zinthu zimatembenuka. Manyokola mwakumba m'mawa, masana ali pa msika wa Zomba kapena Songani, madzulo ndalama ili m'thumba, ena agula chomwera tiyi. Gomani ndi ntchito abale, kusenda, kuviika masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, kuyanika, kusinja, ndiye mupeze kondowole. Ndipo kuno si ku Nkhata Bay, ambiri kondowole samufuna, amati amamata m'manja.

Pa kuviikapo musachite changu chonde. Ku Nampula ku Mozambique mu 1981 kunagwa chilala, anthu chifukwa cha njala ankadya chowawa chosakonzeka bwino ndipo ambiri, makamaka amayi ndi ana, anauma miyendo osachiranso, matenda aja amati konzo. Chilala chimawonjezeranso poizoni mu chinangwa, chomera chikavutika chimalusa. Chigwada nachonso n'chimodzimodzi, agogo athu posinja kaye n'kuwiritsa bwinobwino ankadziwa chomwe akuchita.

Pomwe anthu amanamizana ndi apa, eti chowawa sichigwidwa matenda. Bodza. Poizoni uja amagwira bwino ntchito pa zotafuna, koma kodikodi, kachilombo kooneka ngati ufa kaja, ndi tintchentche toyera tija timangobaya kakamwa kake ngati jakisoni n'kumayamwa madzi osaphwanya zambiri, ndiye msampha uja sufwamphuka kwenikweni. Tintchentche timeneti ndi tomwe timafalitsa khate la chinangwa, ndipo Gomani amagwidwa ndithu, masamba kukwinyika ngati china chilichonse. Kodikodi atavuta m'ma 1980 chinatipulumutsa si kuwawa, anachita kubweretsa kamavu kochokera ku South America, kwawo kwa chinangwa, kamene kamaikira mazira m'thupi mwa kodikodiyo. Za khate mankhwala ake ndi kudzala mitengo yochokera m'munda wopanda matenda ndi kuzula chodwala msanga, kaya chowawa kaya chozizira.

Ine chaka chino Manyokola ndamuika kuseri kwa nyumba pomwe galu amaona, munda wa kuphiri wonse ndadzala Gomani, anyani akalawe okha.