EasyCap, ka HDMI kapena ka TV: mugule kati?

Anzanga ojambula maukwati ndi mapemphero kuno ku Mangochi akhala akundifunsa za tizipangizo tolowetsera kanema m'laputopu, ndiye ndiyankhe onse pamodzi.

Tija timalembedwa EasyCap, ta mawaya achikasu, oyera ndi ofiira, n'tothandiza ngati muli ndi matepi a VHS a ukwati wa makolo. Mutu umawawa pa driver, pulogalamu yothandiza kompyuta kuzindikira kachipangizoko. Kunja tizipangizoti n'tofanana ngati mapasa, koma m'kati muli chip chosiyana: kena STK1160, kena UTV007, kena EM2860, ndipo chilichonse chimafuna driver wakewake. Kasidi ka m'paketi nthawi zambiri kamakhala ka nthawi ya Windows XP kapena 7, pomwe malaputopu ambiri masiku ano alibe n'polowetsa sidi pomwe. Umatha bandulo kusakasaka pa intaneti, kachizindikiro kachikasu kosonyeza vuto la driver mu Device Manager ya Windows kali pompo. Pa Ubuntu, mtundu wa Linux womwe ena amagwiritsa ntchito m'malo mwa Windows, zitatu zonsezi zimadziwika zokha, poti ma driver ake ali kale mu Linux. Kachipangizoko kakagwira, pa mtundu wa kanema sankhani PAL, osati NTSC, apo ayi chithunzi chimasokonekera.

Ka HDMI kotchipa, ka chip cha MS2109, n'komwe ine ndimaikira kumbuyo. Kompyuta imakaona ngati webcam, palibe choika, ndipo OBS, pulogalamu yojambulira ndi kuulutsira kanema, imakapeza nthawi yomweyo. Kungoti musakopeke ndi "4K" wa pa paketi kapena pulagi yabuluu yooneka ngati ya USB 3.0. Ndi USB 2.0, ndipo kamathera pa 1080p mafulemu 30 pa sekondi. Pa Facebook, ndi netiweki yathuyi, n'zokwanira. Elgato Cam Link 4K imaposa, koma n'njodula ndipo imafuna USB 3.0 yeniyeni.

Kondipweteka mtima n'ka TV. Wogulitsa wina ku Limbe ananditsimikizira kuti ndizionera wailesi za kanema za m'dziko muno pa laputopu popanda dekoda. Driver analowa bwinobwino. Ndinamangirira eriyo pansungwi, mwana akutembenuza panja ine ndikufuula pawindo, koma posaka matchanelo sipanatuluke ngakhale imodzi. Vuto silinali eriyo. Kachipangizoko kanali ka chip cha RTL2832U, chomwe chimamva DVB-T yokha, njira yakale youlutsira TV ya dijito, pomwe Malawi amaulutsa pa njira yatsopano ya DVB-T2. Kusiyana kwake pa paketi n'kanambala 2 kokhako, ndipo palibe driver amene angakonze zimenezo, chifukwa chip n'chomwe sichikwanitsa. Wogulitsa uja ndalama anakana kubweza, ati paketi ndinatsegula kale. Mpaka lero zimandiwawa, makamaka ndikaona timeneti tikugulitsidwabe kwa anthu osadziwa.

Ngakhale mutapeza kolembedwa DVB-T2, matchanelo olipira monga a GOtv n'ngotseka, amafuna dekoda yawo. Ndiye ngati dekoda muli nayo kale kunyumba, ka TV kasiyeni m'sitolo momwemo. Gulani ka HDMI kolumikizira dekodayo ku laputopu, ndipo muuze wogulitsayo akayese pa laputopu yanu musanatulutse ndalama.