Kudzandira pamchenga kapena kugwira nsanamira: chimalimbitsa mwendo ndi chiti?

Loweruka m'mawa ku Senga Bay mumapeza anyamata a mpira akunjuta ndi mwendo umodzi pamchenga, manja ali tambalale ngati akufuna kuuluka, thukuta lili kamukamu. Enafe timachitira pakhonde la simenti kuno ku Salima boma, dzanja limodzi litagwira nsanamira. A kunyanja amatiseka, akuti wogwira nsanamira ndi nkhalamba. Ine ndayesa zonse ziwiri, ndipo ndikuona kuti tikulimbirana zinthu ziwiri zosiyana ngati kuti ndi chimodzi.

Mukanyamula phazi limodzi, chiuno chimafuna kugwera mbali ya phazi lomwe lili m'malerelo. Chimachiletsa ndi mnofu wa m'mbali mwa thako la mwendo womwe mwaimira, dzina lake gluteus medius. Dokotala wa ku Germany, Friedrich Trendelenburg, analongosola zimenezi mu 1895, ndipo mpaka lero madokotala amamuimika munthu ndi mwendo umodzi kuti aone ngati chiuno chikupendekeka. Pansi napo timinofu ta m'phazi ndi m'kakolo timangosinthana ntchito, zala zikukanda pansi. Pamchenga ntchito imeneyi imachuluka chifukwa phazi limatitimira. Nchifukwa chake mumatopa msanga, ndipo nchifukwa chake anthu amaganiza kuti agwira ntchito yaikulu.

Koma tadzifunsani kuti chatopa nchiyani. Thupi likamaopa kugwa silitulutsa mphamvu zonse ku ntchafu ndi matako. Minofu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kwa bondo imakungika nthawi imodzi kuti mfundo isagwedere, choncho ina ikukankha, ina ikugwira buleki. Mumaleka kunjuta osati chifukwa ntchafu yalema, koma chifukwa mwaponda pansi ndi phazi linalo. Pakhonde, nditagwira nsanamira ndi zala ziwiri zokha, ndimanyamula chigubu cha madzi cha malita 20, omwe ndi makilogalamu 20, ndikunjuta mpaka ntchafu itapsa. Chigubu chomwecho pamchenga ndimangofika katatu, ndayamba kale kuvina. Pofuna ntchafu yamphamvu, khonde lapambana, ndipo sindikuonapo mkangano. Pothamanga phazi limodzi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu pa sitepe iliyonse. Munthu wa makilogalamu 60 sangakonzekere zimenezo pongodzandira ndi thupi lake lokha.

Mchenga uli ndi malo ake. Amene anabinya kakolo, makamaka atsikana athu a netibolo omwe amatera ndi phazi limodzi tsiku ndi tsiku, amapindula ndi kuima pamalo ogwedera, chifukwa kakolo amaphunziranso kumva pomwe phazi laponda ndipo mwayi wobinyanso umachepa. Ngakhale ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+ ili ndi gawo loima ndi mwendo umodzi mukuponyerana mpira, kapena mnzako akukukankha pang'ono. Taonani asodzi akaimirira m'bwato kukoka chilimira kuli mafunde: sagwa, koma luso limenelo analiphunzira m'bwato momwemo. Kukhazikika kumatsata pomwe ukuphunzirira. Ngati mpira mumasewera pabwalo louma, musayembekeze kuti mchenga wokha ukupatsani zonse.

Tsopano masewera enieniwo, chifukwa nawonso amasiyana kagwedezedwe.

Wondikomera ine ndi Bulgarian split squat, kuja mumaika phazi lakumbuyo pa benchi nkumanjuta ndi lakutsogolo. Kunena zoona si wa mwendo umodzi weniweni, pakuti lakumbuyo limanyamulako pang'ono, koma ubwino wake ndi womwewo: limakugwirizani mokwanira kuti muwonjezere katundu, pomwe ntchito yambiri ikugwera mwendo wakutsogolo. Mukaima mowongoka, phazi lili pafupi ndi benchi, bondo limapita kutsogolo ndipo ntchafu ndiyo imalira. Mukatalikitsa phazi nkuwerama pang'ono kuchokera m'chiuno, ntchito imasamukira ku matako. Anthu ambiri amalakwitsa posankha mpando wautali. Umakoka kutsogolo kwa chiuno ndi kupinda msana. Chinthu chosapitirira bondo chakwana, ngakhale njerwa zitatu zosanjikiza, bola zisagwedere. Oyamba kumene angosiya mapazi onse pansi, lina kutsogolo lina kumbuyo, osaika pamzere umodzi ngati akuyenda pa chingwe, koma motalikirana ngati m'lifupi mwa chiuno. Kasinthidwe kakang'ono kameneko kamachepetsa kudzandira.

Pali kachinsinsi ka chigubu komwe ndinakadziwa mochedwa. Mukachigwira ndi dzanja la mbali ina, osati ya mwendo womwe ukugwira ntchito, chimakokera chiuno pansi mbali imeneyo, ndiye mnofu wa m'mbali mwa thako uja umagwira ntchito yoposa. Ndiye kuti mutha kuphunzitsa kukhazikika muli pasimenti pomwepo, ndi katundu weniweni, osafuna mchenga.

Kukwera pa chinthu chokwera, kaya sitepe ya khonde kaya chitsa, nkosavuta kuphunzira ndipo kumafanana ndi kupalasa njinga, choncho anzathu a kabaza omwe amanyamula anthu ndi matumba a mpunga angakukonde. Vuto lake ndi kuba. Mwendo wapansi umadumphako mobisa, wapamwamba nkumangolandira ulemu. Tukulani zala za phazi lapansi, ndipo potsika muziwerenga mpaka katatu, mudzamva kusiyana. Potsikapo mpomwe bondo limakonda kugwera mkati. Likatero, chepetsani msinkhu wa sitepe.

Pistol squat, kunjuta mpaka pansi mwendo wina utatambasulidwa kutsogolo, ndiyo imakopa anthu pa Facebook. Ndi yokongola, sindikana. Koma imafuna kakolo wopindika kwambiri, ndipo ambiri amalephera chifukwa chidendene chikunyamuka, osati chifukwa alibe mphamvu. Ena amafika pansi msana utapindika ngati uta. Kuwonjezerapo katundu nkovuta, ndiye ukaidziwa umangokhala pomwepo. Wofuna kuiphunzira ayambe ndi kukhala pa mpando ndi mwendo umodzi nkudzukanso, kenaka azitsitsa mpandowo.

Nsapato nazo. Zothamangira zija za pansi pofewa, zomwe timagula pa kaunjika, zili ngati kamchenga kovala kumapazi. Ponyamula chigubu ndibwino kukhala opanda nsapato kapena kuvala zapansi pathyathyathya.

Ine pano ndimachita chonchi: Lachiwiri ndi Lachinayi pakhonde, Bulgarian ndi chigubu, kasanu ndi katatu mwendo uliwonse, maulendo atatu, kuyambira mwendo wofooka, nsanamira ili pafupi. Loweruka ndikapita kunyanja ndimalowa nawo pamchenga mphindi khumi, opanda katundu, nkumaponyerana mpira ndi anyamata aja titaima ndi mwendo umodzi. Amandisekabe. Sabata yatha mmodzi anabwera pakhonde kudzayesa chigubu changa, ndipo atafika kachisanu ndinaona dzanja lake likufunafuna nsanamira.