Pampu yokokera oyilo pabowo la dipstick: imathandiza woyamba, koma si pa injini iliyonse

Pampu imene tikuikamba pano ndi ija ya chigubu cha pulasitiki yolimba, cholowa malita 6 kapena kuposerapo pang'ono, chokhala ndi chopopera cha pamanja ndi timapayipi tiwiri kapena titatu tosiyana kukula. Makampani monga Pela ndi Mityvac amapanga zotere, ndipo palinso zambiri zopanda dzina lodziwika zomwe zimagwira ntchito mofanana. Siifuna magetsi kapena batire. Mukapopa, mpweya umatuluka m'chigubumo, ndipo oyilo wa mu sampu (chibeseni cha pansi pa injini momwe oyilo amakhala) amakwera yekha kudzera m'kapayipi komwe mwalowetsa pabowo la dipstick, kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo.

Ubwino wake waukulu kwa munthu amene akusintha oyilo koyamba ndi wakuti imamuchotsa pansi pa galimoto ndipo imamutalikitsa ndi bawuti yotulutsira oyilo. Ngozi ziwiri zoopsa za ntchitoyi zili pomwepo. Yoyamba ndi kugona pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha popanda zitsulo zochirikizira. Yachiwiri ndi kumanga bawutiyo mopyola muyeso. Pa injini zing'onozing'ono zambiri bawutiyi imafuna mphamvu ya pakati pa 25 ndi 40 Nm basi (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), koma dzanja losazolowera limakoka sipanala mpaka kumva kuti yakana, ndipo ngati sampu ndi ya aluminiyamu, mazinga amadyeka. Kukonza mazinga odyeka, kapena kugula sampu ina, kumadya ndalama zoposa zogulira pampuyi. Palinso kawachala ka kopa kapena ka aluminiyamu kamene kamayenera kusinthidwa nthawi iliyonse bawuti ikamasulidwa, ndipo oyamba ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo. Ndi pampu, zonsezi simuzikhudza.

Kagwiritsidwe ntchito kake sikovuta, koma pali malo angapo pomwe anthu amaphonya.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka ndi kuliza injini kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako muizimitse ndi kudikira mphindi zina 5 kuti oyilo atsikire mu sampu. Oyilo ayenera kukhala wofunda, osati wotentha. Akazizira amalimba, ndipo oyilo wa mtundu wolimbirapo monga 15W-40 kapena 20W-50 wozizira amakwera m'kapayipi kakang'ono mozengereza kwambiri moti mutha kuganiza kuti pampu yafa. Akatenthanso kwambiri, ngati mwangofika kuchokera ulendo wautali, kapayipi ka pulasitiki kamafewa n'kuphwatalala chifukwa cha mphamvu yokokayo, ndipo nsonga yake itha kupindika mkati mwa injini.

Musanachite china chilichonse, onetsetsani kuti dipstick mwazulayo ndi ya injini. Magalimoto ambiri a giyabokosi ya otomatiki, makamaka akale, ali ndi dipstick yachiwiri. Amene walowetsa kapayipi pamenepo amakoka mafuta a giyabokosi, kenako n'kuthira oyilo watsopano pamwamba pa wakale mu injini. Mtundu umakuuzani: mafuta a giyabokosi nthawi zambiri amakhala ofiirira ndi opyapyala, pomwe oyilo wa injini wogwira ntchito kale amakhala wakuda.

Sankhani kapayipi kakakulu koposa kamene kangalowe m'bowolo mosakakamiza. Kagonekeni pambali pa dipstick ndi kumata kachidutswa ka tepi pamene chogwirira cha dipstick chathera. Mukalowetsa, tepiyo iyenera kulowa kupitirira pang'ono pakamwa pa bowo, masentimita ochepa chabe, kenako mumve nsonga ikugunda pansi. Ikagunda, lekani. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amapitiriza kukankha poganiza kuti kulowa kwambiri ndiko kukoka zambiri, koma kapayipi kamangopindika n'kuyang'ana m'mwamba, nsonga n'kutuluka pamwamba pa oyilo. Pampu imayamba kukoka mpweya, mwini wake n'kuyesa kuti sampu yauma pomwe mwatsala lita yathunthu. Tsegulaninso chitsekerero chothirira oyilo kuti mpweya uzilowa m'injini pamene oyilo akutuluka.

Popani maulendo 10 mpaka 20, mpaka chopopera chiyambe kulimba, ndiye musiye. Oyilo wofunda wa 5W-30 wokwana malita 4 amatha m'mphindi za pakati pa 10 ndi 20, ndipo mungafunike kupopanso kamodzi kapena kawiri pakati. Mukamva kubwebweta kwa mpweya, kokani kapayipi pang'ono, kapotozeni, kabwezereni pansi, mupopenso. Kawirikawiri pamatulukanso kenakake.

Mizere ya malita imene ili pambali pa chigubu ndiyo imachititsa kuti pampuyi ikhale yodalirika, ndipo posankha yogula muyang'ane yomwe mizere yake ikuwerengeka bwino ngakhale mkati muli oyilo wakuda. Musakhulupirire phokoso, khulupirirani mizere. Mwachitsanzo, injini ya Toyota ya 1NZ-FE imalowa malita 3.7 posintha pamodzi ndi fyuluta. Ngati dipstick imaonetsa kuti oyilo anali wodzaza musanayambe, muyenera kuona malita oposa 3 m'chigubu. Mukaona 2.5 okha, kapayipi sikanafike pansi penipeni, ndipo mukathira 3.7 pamenepo mwadzazitsa. Oyilo wochulukitsa amamenyedwa ndi crankshaft, chitsulo chozungulira chimene chili pamwamba pa sampu, n'kuchita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza zitsulo monga amachitira oyilo weniweni. Apa pampu ili ndi ubwino wina umene sautchulidwa kawirikawiri: mukathira wambiri, mutha kuchotsa theka la lita m'mphindi ziwiri, chinthu chovuta kuchita ndi bawuti ya pansi osadzithira m'manja.

Ena amati pampu imasiya zinyalala pansi pa sampu. Pa injini imene imasinthidwa oyilo pa nthawi yake, dandaulo limeneli ndi laling'ono, chifukwa zinyalalazo zimakhala zosakanikira m'oyilo wofunda ndipo zimatulukira limodzi. Vuto lenileni ndi kapangidwe ka injini. Masampu ena ali ndi zitsulo zotchinga kuti oyilo asamakhavukire mbali imodzi pokhota, ndipo kapayipi kamatha kuima pa chitsulo chotere osafika pansi. Njira za dipstick zina n'zokhota kwambiri. Magalimoto ena atsopano, kuphatikizapo ma BMW ambiri, alibe dipstick n'komwe, amayeza oyilo ndi kachipangizo kamagetsi. Pa injini imene simukudziwa mbiri yake, kapena imene oyilo wake waoneka ngati wasakanikira madzi, masulani bawuti ya pansi kuti muone ndi maso chimene chikutuluka.

Fyuluta ndiyo imagamula ngati pampuyi ndi yoyenera kugula. Pa injini zambiri za Mercedes-Benz ndi zina za Volkswagen, fyuluta ndi ya pepala yokhala m'kachigubu pamwamba pa injini. Pamenepo ntchito yonse imathera pa boneti, mutaimirira. Masulani chivundikiro cha fyulutayo musanayambe kupopa, kuti oyilo wa m'kachigubuko atsikire mu sampu n'kukokedwa limodzi. Sinthani mphete ya labala imene imabwera ndi fyuluta yatsopano, muipake oyilo pang'ono, ndipo mumange chivundikiro motsatira nambala yolembedwa pamwamba pake, yomwe kawirikawiri ndi 25 Nm. Kawirikawiri ndi cha pulasitiki, chimang'aluka.

Koma ngati fyuluta yanu ndi ija yachitini yomangidwa kumunsi kwa injini, mudzalowabe pansi, jeke ndi zochirikizira mudzazifunabe, ndi beseni lolandirira oyilo wotsika pa fyulutayo. Pampu yangokupulumutsani ku bawuti yokha. Mukachotsa fyuluta yakale, yang'anani ngati labala wake watuluka nayo. Akatsalira pa injini n'kumangidwa pamodzi ndi watsopano, oyilo amapopera panja injini ikangolira. Yatsopanoyo muimange ndi dzanja lokha: labala akakhudza chitsulo, muonjezere magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi.

Pothira, yambani ndi oyilo wochepera ndi theka la lita pa muyeso wa m'buku la galimoto. Lizani injini, nyali yochenjeza za oyilo ya pa dashibodi izime m'masekondi ochepa, ndipo ikapanda kuzima, zimitsani injini pompo. Yang'anani ngati pa fyuluta sipakudontha, zimitsani, dikirani mphindi 5, ndiye muyeze ndi kuonjezera pang'onopang'ono mpaka kufika pafupi ndi chizindikiro chapamwamba.

Chotopetsa pa pampuyi ndi kukhuthula. Kamwa la zigubu zambiri ndi laling'ono, oyilo akazizira amatuluka modukizadukiza, ndipo timapayipi timadontha kwa nthawi yaitali ngati simunatipachike moimirira, nsonga zili m'botolo. Khuthulani oyilo akadali wofunda, m'zigubu zomwe munachokera watsopano, ndi kukapereka kumene amalandira oyilo wakale, osati kuthira m'ngalande kapena pansi. Chigubu musachitsuke ndi petulo, ndipo musakokere petulo ndi pampuyi: nthunzi yake imayaka msanga, komanso imawononga timalabala ta m'chopopera, kenako pampu imaleka kugwira mpweya.