Google Colab pa kafukufuku wa chemistry ndi AI: yaulere ija ikufikitsani pati?

Wophunzira wa digiri yachiwiri pa University of Malawi kuno ku Zomba akamalemba bajeti yopemphera ndalama za kafukufuku wa AI mu chemistry, mtima umathamangira ku laputopu yodula yokhala ndi GPU, kachipangizo kofulumizitsa masamu a AI. Musanaiike pamwamba pa bajeti, yesani kaye Google Colab. Pa ntchito yolosera mphamvu ya mankhwala pongoona kapangidwe ka molecule, yaulereyo imakwana, bola mudziwe pomwe imakugwetsani.

Colab ndi kompyuta ya Google yomwe mumabwereka kudzera pa intaneti. Mumalowa ndi akaunti ya Gmail, n'kulemba Python mu notebook (tsamba lolembapo ndi kuyendetsapo pulogalamu), ntchito yonse n'kumachitikira kwa iwo. Mumapatsidwa ma CPU 2, RAM pafupifupi 12 GB, ndiponso GPU ya NVIDIA T4 ikakhala ilipo. Ubwino womwe ambiri sauzindikira msanga uli pa bandulo: fayilo yaikulu mukaikoka muli mu Colab, imachoka kwa eni ake kupita ku makina a Google osadutsa pa foni yanu. ChEMBL yonse, nkhokwe ya data ya bungwe la ku Ulaya la EMBL-EBI yokhala ndi mankhwala oposa 2 miliyoni, ndi ma GB angapo, koma bandulo yanu imangodyedwa ndi zooneka pa sikirini.

Kuyamba n'kosavuta. Lembani pip install rdkit kuti muike RDKit, pulogalamu yowerenga kapangidwe ka ma molecule, kenako kokani mu ChEMBL zotsatira za IC50 (mlingo wa mankhwala wochepetsa kukula kwa tizilombo ndi theka) za tizilombo ta malungo, Plasmodium falciparum, pa nambala CHEMBL364. Molecule iliyonse muisandutse Morgan fingerprint (mndandanda wa 0 ndi 1 wosonyeza zidutswa za molecule) ya radius 2 ndi ma bit 2048, n'kuphunzitsa model yolosera ya mtundu wa random forest. Pa ma molecule masauzande ochepa izi zimatha m'mphindi zochepa, GPU osaikhudza n'komwe. GPU imafunika mukafika pa mapulogalamu olemera monga Chemprop (yolosera khalidwe la ma molecule) kapena ColabFold (yolosera kapangidwe ka mapuloteni). Ndipo musaderere data yochepa: gulu la ku yunivesite ya MIT ku America lomwe linapeza mankhwala opha mabakiteriya otchedwa halicin mu 2020 linaphunzitsa model yawo ndi ma molecule 2,335 okha.

Chopweteka kwambiri n'chakuti Colab siisunga kanthu. Yaulere siipitirira maola 12, imadula mukaisiya nthawi osaigwira, ndipo ikadula, mafayilo onse a mu /content apita limodzi ndi mapulogalamu omwe munaikamo. Magetsi akazima madzulo ku Chikanda, netiweki n'kugwa, pobwerera mutha kupeza mbale yatsukidwa. Choncho mzere woyamba wa notebook ukhale wolumikiza Google Drive, ndipo model izisungidwa kumeneko pakutha pa epoch iliyonse (ulendo umodzi womwe model yadutsa mu data yonse pophunzira). Drive yaulere ndi 15 GB yogawana ndi Gmail ndi zithunzi zanu, ndiye sunganimo tebulo loyeretsedwa la CSV, osati ChEMBL yonse. Lembaninso manambala a version ya RDKit ndi scikit-learn (pulogalamu yophunzitsira random forest) omwe mwagwiritsa ntchito, chifukwa Google imasintha mapulogalamu ake nthawi ndi nthawi, ndipo notebook yomwe inkayenda mu Malichi ikhoza kukana tsiku lomwe oyesa mayeso akufuna kuiona.

Pa docking (kuyesa mmene molecule imalowera pa puloteni) ndi DFT (masamu a ma electron a molecule), Colab sitikuiyamikira. AutoDock Vina ndi PySCF, mapulogalamu a ntchitozi, zimadalira CPU, ndipo ma CPU awiri aja amakwawa. Ma ligand (ma molecule oyesedwa pa puloteni) makumi angapo mutha kupirira, masauzande ayi. Kaggle, webusaiti ina yokhala ndi ma notebook aulere, imapereka ma CPU 4 ndi maola pafupifupi 30 a GPU pa sabata, ndiye ndi pothawirapo. Colab Pro ndi $9.99 pa mwezi, mtengo wosaopsa, koma imafuna khadi lolipira m'madola, ndipo nkhani ya ndalama zakunja kwathu kuno mukuidziwa kale.

Koma chomwe chimagwetsa ma thesis ambiri si makina. Data ya ChEMBL imabwera ndi zinyalala. Molecule imodzi imapezeka kangapo ndi ma IC50 osiyana ochokera ku ma labu osiyana. Tengani median (nambala yapakati mukawasanja), ndipo omwe asiyana koposa kakhumi muwataye. Mizere ina ili ndi chizindikiro cha > kutsogolo kwa nambala, kutanthauza kuti mankhwalawo sanagwire ngakhale pa mlingo umenewo, ndipo mukaiwerenga ngati muyeso weniweni mwanamiza model. Chotsani mchere monga HCl pa SMILES (kalembedwe ka molecule m'zilembo), sinthani IC50 ya mu nM kukhala pIC50 pochotsa log10 ya nambalayo pa 9, ndipo musasakanize mtundu wa tizilombo wa 3D7 ndi wa K1 kapena Dd2, popeza awiri omalizawa samva chloroquine. Pogawa data, yophunzitsira ndi yoyesera model, gawani potsata scaffold, chimango chapakati cha molecule. Mukagawa mwachisawawa, ma molecule apachibale amagwera mbali zonse ziwiri, R² (muyeso wa kulondola kwa model) n'kuoneka yokongola pomwe model yangoloweza. Ikatsika mutagawa bwino musadandaule, yotsikayo ndiye yoona.

Apa ofufuza zitsamba amve bwino, popeza National Herbarium ili pompano ndipo ambiri amayambira pa zomera. Data yambiri ya malungo inachokera ku mankhwala opangidwa m'ma labu, monga oposa 13,000 omwe kampani ya mankhwala ya GSK inatulutsa poyera mu 2010. Alkaloid kapena terpenoid ya mu khungwa la mtengo kawirikawiri siifanana nawo. Model idzakupatsanibe nambala, siikana. Yezani Tanimoto (muyeso wa kufanana, kuyambira 0 mpaka 1) pakati pa molecule yanu ndi zomwe model inaphunzirapo. Ikakhala pansi pa 0.3 kwa yofanana nayo kwambiri, nambalayo isalowe mu mutu wa zotsatira ngati umboni.

Ndalama za laputopu zija zisunthireni ku bandulo ya miyezi yonse, power bank yonyamula rauta, ma solvent, komanso kulipira NMR (njira yotsimikizira kapangidwe ka molecule) ndi kuyesetsa ma compound asanu kapena khumi apamwamba pa tizilombo tenitenito. H3D, nthambi yofufuza mankhwala atsopano ya ku University of Cape Town, yomwe anayambitsa Prof. Kelly Chibale wa ku Zambia, imagwira ntchito ya mankhwala a malungo ndi TB ndipo inapanga kale ma model a mtundu umenewu pamodzi ndi Ersilia, bungwe lopanga ma model a AI aulere ofufuzira mankhwala. Pemphani supavaiza wanu awalembere kalata bajeti isanatumizidwe.