Kit ya DNA ya malovu ija ndayiyesa, mzungu wathu uja wasanduka mmwenye

Agogo anga aakazi, mayi awo a mayi anga, anali oyera, tsitsi lofewa, anthu ankangoti ndi akaladi. Za bambo awo kunalibe woyankhula, ukafunsa ankangoti anali mzungu wina wake anabwerera kwawo, nkhani nkuthera pompo. Agogowo anamwalira osatchula dzina la bamboyo. Ndiye chaka chatha ndinagula kit ya DNA, dzina la kampani ndilisiye kaye poti onsewa amachita zofanana.

Kagwiritsidwe kake palibe chovuta. Amakutumizira kabotolo, umalavuliramo mpaka pamzere, koma kwa mphindi 30 usanalavule osadya, osamwa, osasuta. Kabotoloko kamaoneka kochepa koma abale kudzadza kwake ndi ntchito, mkamwa munachita kuuma gwa. Ukatero umalembetsa nambala yake pa intaneti, nkutumiza pa positi, ine ndinadikira masabata 7.

Choyamba chomwe umaona ndi mapu a mapelesenti. Masamu ake ndi osavuta, munthu umatenga theka kwa bambo theka kwa mayi, ndiye gogo aliyense amakupatsa cha m'ma 25 pelesenti, kholo la gogo cha m'ma 12.5, ngakhale sizigawika ndendende. Ine ndimayembekeza Europe wa 12 pelesenti. Nditsegule, Europe palibe olo pang'ono, m'malo mwake pali South Asia 11 pelesenti. Mzungu uja anali mmwenye! Nditawaimbira mayi anakhala chete kanthawi, kenako anayamba kuseka mpaka kutsokomola, akuti zaka zonsezi tinkanamizana tokha.

Koma mapuwo musawakhulupirire kwambiri. Amayerekeza DNA yako ndi ya anthu omwe ali nawo kale mu database, ndipo ambiri mwa iwo ndi a magazi a ku Europe, ndiye mbali ya Africa nthawi zambiri amangokulozera dera lalikulu, mtundu wako weniweni osautchula. Akapanga update mapelesenti amasunthanso. Pa mapu pokha ndingapereke 5 pa 10.

Pomwe ndalama yanga inagwira ntchito ndi pa ma match, mndandanda wa anthu ena omwe anayezetsa ndipo mukugawana nawo DNA. Amayeza mu ma cM, muyezo wa kuchuluka kwa DNA yomwe mukugawana, makazeni omwe makolo awo ndi apachibale enieni amakhala cha m'ma 850, ubale ukamatalikira nambala imatsika. Panali mayi wina wa dzina lachimwenye yemwe tinkagawana kupitirira pang'ono 100, ndiye ndinagulanso kit ina ya mayi anga, kwa iwo nambala inakwera kupitirira 200. Apa ndi pomwe ndinaphunzira kuti yezetsani wamkulu kwambiri m'banja akadali moyo, chifukwa m'badwo uliwonse DNA ya kholo lija imadulidwa pakati. Agogo akanakhalapo bwenzi ali ndi theka lathunthu la bamboyo, zimandipweteka ndikaganiza.

DNA siikuuza dzina, dzina umalipeza m'mapepala. Ndinatenga mayina a pa family tree ya mayi uja nkulowa pa FamilySearch, webusaiti ya mbiri za mabanja ya tchalitchi cha Mormon ku Salt Lake City, ndi yaulere, ndipo ndinapeza bambo wina yemwe zaka zake komanso komwe ankagwira ntchito zikugwirizana bwino ndi nthawi yomwe agogo anabadwa. Mkazi wake wa ukwati ndi ana onse alembedwa bwinobwino. Agogo anga ndi mayi awo mulibemo, ngati sanakhaleko, ndipo m'buku la ubatizo wa agogo pa dzina la bambo pali kamzere chabe. Usiku umenewo sindinagone.

Chomwe chatsala ndi test ya Y, mbali ya DNA imene imayenda kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna basi, ndiye ine ndi mayi sitingayeze. Agogo anali ndi mchimwene wa bambo mmodzi, mwana wamwamuna wa mchimweneyo ndi amene tikumunyengerera pano, akuti malovu ake sapita kunja.

Ndipo sindingamunene kwambiri. Mu 2018 apolisi aku America anagwira chigawenga chija amati Golden State Killer pogwiritsa ntchito DNA ya abale ake yomwe inali pa GEDmatch, webusaiti yomwe anthu amaikapo zotsatira za DNA kuti apeze abale, ndipo kampani ya ma kit a DNA ya 23andMe inaberedwa data mu 2023, mu 2025 nkulengeza kuti yagwa. Werengani ma settings musanadine Agree, komanso dziwani kuti mukayezetsa mwaulula ndi za abale anu omwe sanavomere.

Zonse pamodzi ndikupereka 8 pa 10. Mayi wa match uja ndinamulembera mosamala, mawu oti agogo anu anali ndi mwana kunja sindinawaike, ndinangofunsa ngati ali ndi chithunzi cha bamboyo. Meseji anaiwerenga mwezi watha, sanayankhebe, mayi anga amandifunsa Lamulungu lililonse.