Mabuku a pakhonde ku Limbe: otsika mtengo, koma yambani mwawerenga masamba

Pakhonde la sitolo ina ku Limbe, kufupi ndi pokwerera minibasi za ku Bangwe, pali bambo ena amene amayala mabuku akale pa chiguduli. Ndakhala ndikugula kwa iwo zaka zitatu tsopano. Ubwino wawo sathamangitsa munthu. Ukhoza kunjuta pompo n'kuwerenga masamba khumi, iwo ali phee, akukukuta chinangwa chootcha.

Mwezi watha anandisungira buku la mbiri ya Thurlow Weed, podziwa kuti ndinagwirapo ntchito yosindikiza. "Achimwene, uyu ndi mnzanu wa inki," anatero. Anatchula K6,000, tinakathera pa K4,000.

Analidi wa inki. Weed anaphunzira kusindikiza ali mnyamata, ndipo mu 1830 anayambitsa nyuzipepala yake, Albany Evening Journal, m'chigawo cha New York ku America. Chimene chinandikoka n'choti mkuluyu sankalimbirana mipando yapamwamba. Ku nyumba ya malamulo ya chigawocho analowako ndithu, koma ntchito yake yeniyeni inali ya kuseri: kusankha woti aime, kumutamanda m'nyuzi, kenako kugawa ntchito za boma kwa omvera. William Seward anapambana ubwanamkubwa wa New York mu 1838 Weed ali kumbuyo kwake. Pamene William Henry Harrison mu 1840 ndi Zachary Taylor mu 1848, onse a chipani cha Whig, ankapambana upulezidenti wa America, dzanja lake linalipo. Anthu oterewa timawadziwa kunonso, aja saoneka pansanja koma nsalu za chipani zimatuluka m'nyumba mwawo.

Dandaulo langa nali. Nditafika pa 1860, Weed akupita ku msonkhano wa chipani cha Republican ku Chicago ali ndi chikhulupiriro chonse kuti Seward asankhidwa kuimira chipanicho pa upulezidenti, masamba 14 kulibe! Wina anathothola, mwina anakulungira mandasi. Ndinachita kutolera m'mutu wotsatira kuti Abraham Lincoln anawapitirira pa voti yachitatu, ndi kuti Horace Greeley, yemwe Weed anamulembapo ntchito ya ukonzi, ndiye ankawakumbira dzenje.

Nditabwerera nalo, ndalama anakana kubweza, akuti "zalowa kale m'katundu". M'malo mwake anandipatsa dikishonale yakale yopanda chikuto. Sindinakwiye kwenikweni, koma nkhungu m'mabuku awo yachuluka. Dzinja lino pepala lapulasitiki limodzi silikukwanira.

Loweruka ndipitanso, akuti kukubwera katoni ina. Ulendo uno ndiwerenga manambala a masamba onse ndisanapise m'thumba.